Moto Umene Unapha Levison

Mlanduwu unkaoneka wophweka mpaka pamene Sajeni Grey Mtambalika anaukhudza ndi manja ake.

Pa esiteti ina ya fodya wa kampopi, kuseri kwa Kaluluma, nkhuni zinali zitatha kalekale. Mitengo yonse inalowa m'mabalani chaka ndi chaka, ndipo eni ake ataona kuti kwatsala zitsa zokhazokha, anamanga balani yatsopano yowotchera fodya ndi gasi. Balaniyo inangogwira ntchito masiku atatu, n'kupha munthu. Levison, amene ankayang'anira motowo, anapezeka masana a Lachitatu m'kachipinda ka ng'anjo, atakhala pa ndowa yovundikira, msana atatsamira khoma. Analibe bala lililonse. Kuchipatala ananena kuti anapuma mpweya woipa, uja wosaoneka ndi wosanunkha umene umatuluka gasi akamapsa mopereweza.

Wotchuna ng'anjoyo anali Fainess Zimba, mmisiri wochokera ku Lilongwe, ndipo matenanti sanachedwe kumupeza pamene ankagona. Apolisi akanachedwa pang'ono, bwenzi maliro ali awiri. Tsopano mayiyo anali mu unyolo, ndipo galimoto yomutengera ku boma kuti akayankhe mlandu wopha munthu chifukwa cha kusasamala inali yoti inyamuke nthawi ya fili koloko masana. Chimene chinatsala chinali lipoti la Sajeni basi.

Koma Mtambalika anali ndi khalidwe lina lotopetsa anzake: sankatha kusaina chinthu chimene sakuchimvetsa. Ng'ombe zobedwa ankazidziwa, mabelo osowa m'shedi ankawadziwa. Za gasi, ngakhale kunyumba kwake kunalibe. Choncho Lachinayi mmawa anamukweza Fainess m'galimoto n'kubwerera naye pa esiteti paja, mutu uli wowawa kale.

Woyamba kumufunsa anali manijala, Lucious Nyirongo, mwamuna wamtali wosatha kuima malo amodzi.

"Ine yayi, a Sajeni, sindinakhudzeko. Dzulo ndinali ku msonkhano wa madoda kutchalitchi kuyambira mmawa mpaka pamene anandiimbira foni. Abusa ndi mboni. Anthu makumi awiri ndi mboni."

"Ndamva kuti munadandaula kuti gasi akutha msanga."

"Enya, ndinadandaula. Kudandaula ndi mlandu?"

"Simunauze Levison kuti achepetse moto?"

"Ndimuuze apotokole chiyani? Ine ng'anjo ija ndimaiopa chomene, ndimangoima pakhomo." Nyirongo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ngati mukufuna munthu wodana ndi gasi, alipo. Mdala Kalekeni, bambo ake a malemuwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akusonkhezera nkhuni m'mabalani akale aja, lero ntchito yatha. Ananena pamaso pa anthu kuti moto wa buluu si moto."

"Mukuti bambo wapha mwana wake?"

"Yayi! Sindinatero. Ndiponso m'kachipinda muja sanalowemo, ndinawaletsa ndekha tsiku loyamba, ndipo mdala uja lamulo amalimva. Ndikungonena zimene ndinamva."

Mtambalika analemba zonsezo, ataziwerenga anapeza kuti sanalembe kanthu.

Kachipinda ka ng'anjo kanali kogundana ndi balani, kakang'ono ngati bafa, ka chitseko chachitsulo chokhala ndi kagalasi pakati. Anachitsegula mpaka kukhoma n'kuchitsekereza ndi njerwa. Fainess analowa, manja ali omangidwa kutsogolo. Maso ake anali otupa, koma atangoona ng'anjoyo mawu ake anawongoka ngati a mphunzitsi.

"Moto wa gasi umadya zinthu ziwiri, bwana, gasi ndi mpweya. Gasi akachuluka mpweya n'kuchepa, moto umasanduka wachikasu, umanyambita ngati wa nkhuni, umasiya mwaye. Umenewo ndi umene umapha. Mpweya ukachulukanso, moto umathawa pakamwa pa paipi, umalira n'kuzima. Ntchito yanga ndi kupeza pakati. Lolemba ndinakhala pano maola anayi, ndikupotokola pang'onopang'ono, ndikuyeza utsi wa m'chumuni, mpaka moto unaima wa buluu, njii, osagwedera."

"Ndiye wina anadzapotokolanso inu mutachoka."

"Nanenso usiku wonse ndimaganiza choncho. Taonani apa."

Analoza timabawuti tiwiri, kena ka gasi, kena ka kachitseko ka mpweya. Pa kalikonse panali kamzere ka penti wofiira wa m'zikhadabo, kodutsa pamutu pa bawuti mpaka pachitsulo.

"Ndimapaka ndikamaliza. Munthu akapotokola ngakhale pang'ono, pentiyu amasweka."

Mtambalika anagwada, n'kuwalitsa tochi ya pafoni. Timizere tonse tiwiri tinali tamphumphu, popanda mng'alu. Anakweza tochiyo pakamwa pa ng'anjo, ndipo pamenepo panali mwaye wakuda bii, wochindikala woti n'kulembapo dzina ndi chala.

"Mayi, mukudziwa kuti mwadzimangitsa nokha? Ngati palibe wakhudza, ndiye kuti moto umene unasiya mwaye uwu ndi umene munatchuna inu."

Fainess anayang'ana mwayewo. "Ndikudziwa mmene zikuonekera. Koma ndiloleni ndiuyatse."

Nyirongo anabwerera m'mbuyo mpaka panja. Sajeni anatulutsa m'thumba kamakina ka Fainess koyezera mpweya, kamene analanda dzulo lake ngati umboni, ndipo mwini wake anakayatsa n'kumubwezera. Kenako Fainess anatsegula gasi, n'kudina batani. Kunamveka kuti thi, thi, thi, kenako phuu.

Moto unaima wa buluu. Unali woyera bwino, wosagwedera, wopanda ndi kansonga komwe kachikasu. Kamakina kaja kanangoti zii.

Anadikira mphindi khumi, kenako makumi awiri. Mtambalika anayang'ana moto, anayang'ana mwaye, anayang'ana penti. Zinthu zitatuzo zinali pamalo amodzi, motalikirana chikhatho chimodzi, ndipo chilichonse chinkanena kuti chinzake ndi chabodza.

"Ndiye Levison wafa ndi chiyani?" anafunsa.

"Sindikudziwa, bwana," Fainess anatero, ndipo misozi inayamba kutsika. "Mulungu ali kumwamba, sindikudziwa."

* * *

Sajeni anasiya moto ukuyaka, dalaivala wake akulondera Fainess, n'kutsetsereka kupita ku nyumba za matenanti. Thupi linali lisanabwere kuchokera kuchipatala, koma siwa inali itadzaza kale. Amayi ankaimba m'nyumba. Azibambo anakhala pansi pa chigafa chakale, ndipo pakati pawo panali mdala wina wochepa thupi, wa zikhatho zazikulu zosayenerana ndi msinkhu wake, akuyang'ana pansi. Sajeni sanafunikire kuuzidwa kuti awo ndi a Kalekeni.

Vailet, mkazi wa malemuyo, anamutulutsira kuseri kwa nyumba. Mawu anali atamuthera ndi kulira, ankangonong'ona.

"Ndinawapititsira maungu ndi chimanga chophika. Wani koloko inali itakwana. Mvula inali yamphamvu, yamphepo. Ndinagogoda, zii. Ndinakankha chitseko."

"Chinali chokhoma?"

"Ayi, chongotseka. Ndinayesa akugona. Ndinawaseka, bwana. Ndinati, 'Inu, ntchito yatsopano mwayamba kale kugonapo?'" Anagwira pakamwa ndi chitenje, ndipo Sajeni anadikira.

"Moto munauona?"

"Ndinauona."

"Unali wotani?"

"Wachikasu, ngati wa pamafuwa. Unkachita kuvina. Ndipo nditawakokera panja mutu unandiwawa, ndinasanza."

Mtambalika anakanda pachipumi ndi cholembera. Mayiyu sankanama, zimenezo zinali zoonekeratu. Fainess nayenso sankaoneka wonama. Nyirongo ankangodziteteza ngati manijala aliyense. Mlandu wa anthu onena zoona okhaokha anali asanaukumanepo nawo, ndipo unamukwiyitsa kuposa wa akuba khumi.

"Amuna anu anali ndi adani?"

"A Levison? Ngakhale galu sankamuopseza."

"Ndi bambo awo sanakangane za ntchitoyi?"

"Apongozi amadana ndi gasi, koma mwana wawo ayi. Ankamudera nkhawa. A Levison akhala akutsokomola sabata yonse, ndiye apongozi tsiku lililonse, 'Wavala juzi? Kuja kukuzizira?' ngati akulera khanda."

"Apongozi anuwo dzulo mmawa anali kuti?"

"Analawirira, sindikudziwa kumene anapita. Anabwera cha m'ma naini, manja ali matope mpaka m'zigongono. Sindinafunse. Nyengo ino ndani alibe matope?"

Zinali zoona. Nsapato za Sajeni yemweyo zinali zolemera ngati wamangirira njerwa. Anatseka kabuku kake, n'kuyang'ana wotchi. Inali thu koloko, ndipo kumpoto kunali kutada.

* * *

Anafika pa balani mvula ikuyamba. Moto unali udakali wa buluu, wokongola mochita kunyoza. Fainess anali atakhala pa ndowa ija osadziwa kuti ndi ya malemu, ndipo Sajeni sanamuuze.

"Mkazi wake akuti unali wachikasu."

"Ndikumukhulupirira. Mwayewu ukuvomereza."

"Gasi woipa? Wosakaniza ndi zina?"

"Thanki yake ndi yomweyi."

"Chumuni chotsekeka?"

"Chikanatsekeka bwenzi pano tikutsokomola."

"Ndiye ndilembe chiyani, mayi? Ndilembe kuti moto umasankha tsiku lopha?" Anakweza mawu, ndipo anachita manyazi atangotero. "Ine ndatsala ndi ola limodzi. Ndikapanda kupeza china, ndilemba zimene penti wanu akunena, ndipo mukagona ku ndende ya boma lero."

Pamenepo mvula inatsika zenizeni, yopingasa, yochita kuponyedwa ndi mphepo. Dalaivala anathawira m'galimoto. Nyirongo, amene anali ataima pakhomo, mantha ake a ng'anjo anatha pomwepo. Anadumphira m'kati, anakankha njerwa ija ndi phazi, n'kutseka chitseko kuti gwa.

Anaima atatu mothinana, madzi akulira pamalata. Mtambalika anatsegulanso kabuku kake n'kuyamba kulemba tsiku ndi malo. Anali atafika pa dzina la woimbidwa mlandu pamene anaona kuti pepala lasintha maonekedwe. Linali litayamba kufiirira.

Anatukula mutu. Nsonga za moto zinali zitasanduka zachikasu. Moto wonse unatalika, unafewa, n'kuyamba kunyambita pakamwa pa ng'anjo. M'thumba la malaya ake kamakina kaja kanayamba kulira mokuwa.

"Tsegulani chitseko!" Fainess anafuula. "Tulukani! Tulukani nonse!"

Anagwera panja m'matope, Nyirongo patsogolo. Sajeni anacheuka ali chogwada. Chitseko chinali chotsegula tsopano, ndipo pamaso pake penipeni motowo unadzikoka, n'kubwerera kukhala wa buluu ngati sunachite kanthu.

"Chitseko," anatero, madzi akumulowa m'kamwa. "Ndi chitseko chimene chapha munthu?"

"Sizingatheke!" Fainess ankapukusa mutu. "Chitseko chimaloledwa kutsekedwa. Ng'anjo imapumira kukhoma la kumbuyo, pansi, kuli mabowo asanu ndi atatu. Ndinawawerenga ndekha Lolemba, ndinapisamo dzanja..."

Sanamalize. Anadzuka n'kuthamangira kuseri kwa kachipindako, manja ali mu unyolo, Sajeni ali pambuyo.

Kuseri kunalibe bowo ngakhale limodzi.

* * *

Khomalo linali losalala kuyambira pakona mpaka pakona. Munthu anachita kuwerama kuti aone zigamba zisanu ndi zitatu za dothi la pachulu, zomatidwa mofanana ndi njerwa, zodakali ziwisi. M'kati mwa chipinda sefa ya waya inali pamalo pake, ndipo mumdima muja palibe akanadziwa kuti kuseri kwake kuli dothi.

"Wakupha uyu ndi wochenjera chomene," Nyirongo anatero.

Mtambalika anayang'anitsitsa zigambazo. Munthu wofuna kupha amafulumira, amatsindira sanza kapena mapepala n'kuthawa. Uyu anakhala pansi. Anakanya dothi lake bwinobwino, anamata, kenako ananyowetsa chikhatho n'kusalaza mozungulira, bowo lililonse chimodzimodzi. Sajeni anayenda mumvula momwemo mpaka pa balani yakale ya nkhuni, yosiyidwa, imene inali chapafupi. Makoma ake anali odzaza zigamba za zaka ndi zaka, paliponse pamene panang'aluka, ndipo chigamba chilichonse chinali chosalazidwa mozungulira ndi chikhatho chachikulu.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Mutu unali utasiya kuwawa, ndipo analakalaka ukanapitiriza.

"A Nyirongo, kandiitanireni a Kalekeni. Musawauze kanthu."

Mdalayo anabwera atafunda thumba la feteleza kumutu. Ataona Fainess anayang'ana kumbali n'kulavula. Sajeni anawatengera kuseri.

"Bambo, pepani ndi zovutazi. Ndimangofuna kudziwa, ntchito iyi wagwira ndani?"

"Ndine, bwana." Ngakhale pa chisoni chonsecho, mawu awo anali ndi kunyada pang'ono. "Dzulo mmawa. Amisiri a masiku ano ndi a changu pa malipiro pokha. Khoma la moto n'kulisiya ndi mabowo asanu ndi atatu! Ife balani ikang'aluka ngakhale polowa nyerere, timamata tsiku lomwelo, apo ayi kutentha kumathawa, fodya amada. Ndiye mphepo yonse ya kudambo imalowera apa, n'kumamuomba mwana m'miyendo, iye ali ndi chifuwa. Koma m'kati sindinalowe, bwana. A manijala anandiletsa, ndinamvera."

"Levison anadziwa?"

"Sindinamuuze. Akanati, 'Bambo, mwayamba kulowerera.' Ana a masiku ano."

Mtambalika anatulutsa kiyi, anagwira manja a Fainess, n'kumasula unyolo. Mayiyo sanasangalale. Ankangoyang'ana zikhatho za mdalayo.

"Mukutani, bwana?" a Kalekeni anafunsa. "Mukumasula munthu amene wapha mwana wanga?"

Sajeni anapinda unyolo uja m'manja mwake. Anali atauzapo anthu ambiri zinthu zowawa pa ntchito yake, koma izi zinamukanika.

"Ndikufunsa! Chifukwa ndi wa m'tauni? Ife matenanti ana athu azingofa ngati nkhuku?"

"Bambo," Mtambalika anatero potsiriza, "inu moto mumaudziwa kuposa ine. Bwerani muone nokha."

Anatseka chitseko chachitsulo chija, onse ali panja, n'kuwaimika pa kagalasi. Sipanapite nthawi, moto unayamba kusintha.

"Eya," mdalayo anatero. "Umenewo ndiye moto. Dzulo ndinadutsa pano mvula itangoyamba, ndinasuzumira pomwe pano, ndinauona uli chonchi. Ndinamukodola mwana, ndinati tsopano wayamba kupsa. Iye anandiseka, anakweza dzanja."

"Khalani pomwepo, musachotse maso."

Sajeni anatenga sipanala m'galimoto n'kuzungulira kuseri. Anamenya chigamba choyamba, dothi linagwera m'kati. Nthawi yomweyo anamva mphepo ikukokedwa kudutsa m'zala zake, kulowa m'bowomo mwamphamvu ngati munthu amene anamutseka pakamwa. Anaboola lachiwiri, lachitatu, mpaka onse asanu ndi atatu.

Atabwerera kutsogolo, anapeza a Kalekeni ali pomwe anawasiya, chipumi chitagunda kagalasi. Chitseko chinali chidakali chotseka. M'katimo moto unali wa buluu.

Palibe anawafotokozera. Munthu amene wakhala pakamwa pa ng'anjo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi safuna womasulira. Thumba lija linatsetsereka kuchoka kumutu kwawo n'kugwera m'matope, ndipo sanalitole.

"Wachikasuwo," anafunsa osacheuka, "ndi umene umapha?"

Funsolo linali la Fainess. Iye anayang'ana Sajeni ngati akupempha kuti amubwezere unyolo m'malo moyankha.

"Eya, bambo."

"Mabowo aja munasiya dala."

"Eya. Ndinayenera kuwauza onse a pano, osati a Levison okha. Sindinaganize..."

"Iyayi, mayi." Mdalayo anatembenuka. Nkhope yawo inali yonyowa, ndipo sizinkadziwika kuti mvula ndi iti. Anawerama pang'ono, n'kuomba m'manja kawiri pamaso pa Fainess. "Ndinali kutsogolo dzulo pamene timabwera ndi miyala. Pitani kwanu."

Dalaivala analiza hutala. Inali fili koloko. Mtambalika anamukodola kuti azimitse injini.

"Bwana," a Kalekeni anatero, "ndipempheko chinthu chimodzi. Apongozi anga a Vailet asamve kwa inu, kapena kwa a manijala. Ndikawauze ndekha. Mukatero munditenge."

Sajeni anavomera ndi mutu. Mdalayo anayamba kutsetsereka kulowera kumene kunkamveka nyimbo za maliro, akuyenda pang'onopang'ono, manja atawatalikitsa ndi thupi lawo. Mtambalika anaika unyolo m'thumba n'kuwatsatira chapatali.